Nyimbo zimene tinkazisaka usiku pa wailesi, ndi chifukwa chake sizichoka mumtima

Anthu ambiri amene anakulira ku Mulanje ndi ku Thyolo m'zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 ali ndi nyimbo zingapo zimene akazimva lero mtima umawawawa ndi kuwakomera pa nthawi imodzi. Kawirikawiri nyimbo zoterezi si zija zimene zinkamveka paliponse, pa ukwati, m'basi kapena pa golosale, koma ndi zija zimene munthu anazipeza yekha usiku, khutu ataligunditsa ku wailesi, chala chikupotokola pang'onopang'ono kabatani kosakira masiteshoni. Ena amati kupukwa kotereku ndi chizindikiro cha kukula basi, chizolowezi cha akuluakulu chonyoza zonse zimene ana a masiku ano amakonda. Ine sindigwirizana nawo. Zambiri mwa nyimbozo munthu angathe kuzipeza lero pa foni m'kamphindi, komabe kupukwako sikutha, ndipo zimenezi zikusonyeza kuti chimene mtima ukufuna ndi njira imene nyimbozo zinatifikira, pa msinkhu umene zinatipeza, m'dziko limene kudzisankhira chomvera chinali chinthu chosowa.

Kuti zimenezi zimveke bwino, tiyenera kuyamba ndi mmene zinthu zinalili masana. Kuyambira mu 1964, pamene bungwe la Malawi Broadcasting Corporation linakhazikitsidwa, mpaka m'zaka za m'ma 1990, dziko lonse linkadalira nyumba imodzi youlutsira mawu, ndipo wailesi yakanema ya dziko lino inadzayamba mu 1999. Mu 1968 boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo lopatsa mphamvu bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo kuti liziletsa chilichonse chimene laona kuti n'chosayenera, ndipo m'chaka chomwecho kunagamulidwa kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo zilankhulo zogwiritsa ntchito m'dziko, kotero kuti Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi. Nkhani imene anthu amaikumbukira kwambiri ndi ya kuletsedwa kwa nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia, chifukwa dzinalo linkafanana ndi la Mayi Cecilia Kadzamira. Mu 1973 kunabweranso malamulo a kavalidwe, oletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi, ndipo amuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Boma linkayang'anitsitsa ngakhale maonekedwe a wachinyamata, ndiye n'zosadabwitsa kuti linkayang'aniranso zimene zikulowa m'makutu mwake.

Sindikufuna kuti wina amve ngati MBC inalibe zabwino. Pa nthawi imene masitudiyo ojambulira nyimbo anali osowa, nyumba imeneyi ndiyo inajambula ndi kuulutsa oyimba a m'midzi ndi a m'tauni, ndipo mapulogalamu monga Zokonda Amayi ndi Nyimbo za M'maboma analera makutu a mtundu wonse. Vuto linali lakuti khutu limodzi ndilo linkasankhira anthu onse, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, ndipo khutulo linali la boma, lochita zinthu mosamala ndi mwamantha. Mnyamata wa ku Luchenza ndi agogo ake ankamva zofanana pa ola lofanana, pa msinkhu umene munthu amafunitsitsa kudziwa kuti iye ndi yani posiyana ndi makolo ake.

Ku America ndi ku Britain m'zaka zomwezo kunali nyimbo zimene ankazitcha alternative, zoyimbidwa ndi magulu amene makampani akuluakulu ojambula nyimbo sanawalabadire ndipo masiteshoni otchuka sankawaika. Magulu amenewa ankamveka pa timasiteshoni ta m'mayunivesite ndi m'mapulogalamu a usiku. Gulu la R.E.M. linakulira pa timasiteshoni totere, ndipo pamene gulu la Nirvana linatchuka padziko lonse mu 1991, mpanda wolekanitsa nyimbo zobisika ndi zotchuka unayamba kugwa. Kwathu kuno mpandawo unali pena. Kwa wachinyamata wa m'malayini a pa esiteti ya tiyi, nyimbo zachilendo zinali zilizonse zimene sizinkapezeka pa ndandanda ya masana: rege yonena za ufulu ndi kuponderezedwa, chimurenga cha ku Zimbabwe, marrabenta ya ku Mozambique, jazi, nyimbo za magitala aukali za achinyamata a ku Ulaya, ngakhalenso nyimbo za m'chilankhulo cha agogo ake omwe.

N'chifukwa chiyani zonsezi zinkachitika usiku? Kugona kwa makolo ndi mbali imodzi chabe ya yankho. Mbali yaikulu ili kumwamba. Mawailesi a masiku amenewo ankakhala ndi zigawo zolembedwa MW (mafunde apakati) ndi SW (mafunde aafupi), ndipo ena anali ndi FM. Mafunde a MW, amene ali pakati pa makilohetsi pafupifupi 530 ndi 1600, masana amayenda motsata nthaka ndipo amafooka asanafike kutali. Amene alunjika kumwamba amakakumana ndi mpweya umene kuwala kwa dzuwa kwaupatsa mphamvu ya magetsi, umene akatswiri amautcha ionosphere, ndipo umayambira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kuchokera pansi. Gawo lake la m'munsi, lotchedwa D, limameza mafunde a MW dzuwa likamawala. Dzuwa likangolowa gawo limeneli limazimirira, ndipo mafunde aja amakwera mpaka ku magawo a pamwamba, amene m'malo mowameza amawabweza pansi, monga mmene mawu amabwerera munthu akafuula moyang'anizana ndi thanthwe la phiri. Motero siteshoni ya ku Beira kapena ku Quelimane, imene masana inkamveka movutikira kapena osamveka n'komwe, usiku inkalowa bwinobwino m'nyumba ya ku Thekerani.

Mafunde a SW, a pakati pa mamegahetsi 3 ndi 30, amapita kutali kuposa pamenepo, chifukwa amabwezedwa ndi gawo la F limene lili pa mtunda wa makilomita mazana angapo, ndipo akafika pansi amatha kubwereranso kumwamba kangapo mpaka kuwoloka nyanja zamchere. Manambala aja olembedwa pa galasi la wailesi, 60, 49, 41, 31, 25 ndi 19, anali utali wa funde m'mamita, ndipo womvera wozolowera ankadziwa, ngakhale popanda womuphunzitsa, kuti manambala aakulu amagwira bwino usiku pamene ang'onoang'ono amagwira masana. Katswiri wa ku Britain, Edward Appleton, ndiye anatsimikiza mu 1924 kuti mpweya wobweza mafunde ulipodi kumwambako, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1947. Popeza mlengalenga sukhala bata, funde limodzi limatha kufika pa mlongoti kudzera m'njira ziwiri zosiyana utali, nthawi zina n'kumathandizana, nthawi zina n'kumafafanizana. N'chifukwa chake nyimbo inkakwera, n'kutsika, n'kumira m'phokoso, kenako n'kutulukanso. M'dzinja ziphaliwali zinkawonjezera kuthetheka, pamene usiku wozizira wa mu Juni ndi Julayi, nyengo ya chiperoni, mawu ankamveka oyera. Amene anamva nyimbo koyamba m'njira imeneyi amakumbukira kumira ndi kutulukako ngati mbali ya nyimboyo, ndipo ena akaimva lero yoyera pa foni amaona ngati pali chimene chachotsedwamo.

Malo amene timakhala anawonjezera china chimene a ku Kasungu kapena ku Rumphi analibe. Maboma a Mulanje ndi Thyolo ali m'malire ndi Mozambique, ndipo pa Muloza munthu amangowoloka n'kupezeka ali panjira ya ku Milange. Rádio Moçambique, imene inakhazikitsidwa mu 1975 dzikolo litalandira ufulu, inali ndi masiteshoni a m'zigawo oulutsa m'zilankhulo za anthu a kumeneko, ndipo m'chigawo cha Zambézia chimodzi mwa zilankhulozo chinali Chilomwe. Mabanja ambiri a kuno makolo awo anachokera kutsidya komweko kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, ambiri n'kudzagwira ntchito m'minda ya azungu, koma chilankhulo chawo sichinamveke pa nkhani za MBC mpaka ulamuliro wa chipani chimodzi utatha. Ana ambiri anali atasiya kuchilankhula, ena chifukwa cha manyazi amene anadzalidwa ndi maina onyoza amene Alomwe ankapatsidwa. Kumva munthu akulengeza nyimbo m'Chilomwe, ndi mawu odzidalira a muulutsi, chinali chinthu chachikulu kwa mwana amene ankaganiza kuti chilankhulocho n'cha kuseri kwa nyumba ndi kubwalo la tchopa kokha. Nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha ndi pangano la ku Rome mu Okutobala 1992, inabweretsanso othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi m'dziko muno, ambiri m'maboma a m'malire, ndipo anabwera ndi nyimbo ndi magule awo.

Kutali kunalinso mawu ena ambiri. Achimwene athu amene anali achinyamata m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 amakumbukira LM Radio ya ku Lourenço Marques, Maputo wa lero, imene inkaika nyimbo za achinyamata a ku Ulaya ndi ku America mpaka inatsekedwa mu Okutobala 1975. Radio RSA ya ku Johannesburg, imene inayamba mu 1966 ndipo inasanduka Channel Africa mu 1992, inali ndi mapulogalamu a m'chilankhulo chathu. Voice of America inali ndi pulogalamu ya Music Time in Africa, imene Leo Sarkisian anaiyambitsa mu 1965, komanso jazi wa Willis Conover amene anamveka kuyambira mu 1955 mpaka mwini wake atamwalira mu 1996. Africa No. 1 ya ku Gabon, imene inayamba mu 1981, inkabweretsa rumba ya ku Zaire ndi nyimbo za kumadzulo kwa Africa. Tiyenera kunena poyera kuti ambiri mwa masiteshoni amenewa sanamangidwe chifukwa chokonda wachinyamata wa ku Bvumbwe. Radio RSA inali pakamwa pa boma la tsankho, ndipo maiko akuluakulu ankapikisana kukopa mitima ya anthu a mu Africa. Womvera wanzeru ankatenga nyimbo n'kusiya zinazo. Koma luso losaka limene analiphunzira linadzagwira ntchito ina, pakuti mu Malichi 1992, maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula mmene dziko linkayendera, zala zimene zinazolowera kusaka nyimbo ndizo zinkadziwa pamene BBC imapezeka.

Wailesi yeniyeniyo inali chuma cha pakhomo. Kunali mawailesi a Nzeru opangidwa m'dziko momwe muno, ndipo ena akuluakulu anabwera ndi matchona ochokera ku Joni ndi ku Zimbabwe, pamodzi ndi mbale za kwela ndi simanjemanje, makamaka ulendo wa WENELA, wotengera anthu ku migodi ya ku Joni, usanaimitsidwe mu 1974 kutsatira ngozi ya ndege ku Francistown imene inapha Amalawi oposa 70. M'nyumba zambiri wailesi inali ya bambo, ndipo mabatire ankagulidwa polandira malipiro, n'kumasungidwira nkhani, mauthenga a maliro ndi mpira. Mabatire akafooka ankayanikidwa padzuwa kuti apereke kamphamvu kotsala, ndipo waya ankaumangirira ku mlongoti n'kuukweza mumtengo wa mango kapena wa bulugamu. Mnyamata ankaipeza wailesiyo akuluakulu atagona, n'kuitsitsa mawu mpaka kungotsala kunong'ona, podziwa kuti m'mawa akhoza kufunsidwa kuti, “Kodi mabatire aja atha bwanji msanga chonchi?” Pano ndiyenera kupatukira pang'ono kwa atsikana, chifukwa nkhani imeneyi imakambidwa ngati ya anyamata okha. Atsikana ambiri analibe mwayi wogona ndi wailesi kumphala monga alongo awo, ndipo ntchito za pakhomo zinkawadzutsa mbandakucha; ambiri anazipeza nyimbozi kusukulu zogonera komweko kapena kudzera m'makaseti obwereka, ndipo kupukwa kwawo n'kozama chimodzimodzi.

Kaseti, imene kampani ya Philips inaitulutsa mu 1963 ndipo inafala kuno patapita zaka zambiri, inasintha kamvedwe konse. Amene anali ndi wailesi ya kaseti ankadikira chala chili pa batani lojambulira, ndipo nyimbo inkajambulidwa yodukira kuchiyambi, mawu a muulutsi ataloweramo kumapeto. Nthawi zambiri dzina la woyimba linkamira m'phokoso kapena linkanenedwa m'Chipwitikizi kapena m'Chifalansa, kotero kuti munthu ankatha zaka akukonda nyimbo imene sankadziwa mwini wake. Kusukulu kunali makope olembamo mawu a nyimbo, amene ankayenda kuchoka m'manja mwa uyu kupita kwa uyo, aliyense akukonza pamene mnzake sanamve bwino. M'makope ndi m'makaseti amenewa ndimo munkabadwira timagulu ta mabwenzi, pakuti kudziwa nyimbo imene ena sakuidziwa kunkapatsa mwana wa wothyola tiyi ulemu umene ndalama za bambo ake sizikanamupatsa.

Pakati pa nyimbo ndi womvera panali munthu, ndipo ameneyu ndiye ndimamuona wofunika koposa m'nkhani yonseyi. Muulutsi wabwino ankaika nyimbo chifukwa iye mwini waikonda ndipo wakonzeka kuiimira, ngakhale omvera ena adandaule. Chitsanzo chodziwika padziko lonse ndi John Peel, amene anaulutsa pa BBC Radio 1 kuyambira mu 1967 mpaka imfa yake mu 2004, ndipo analinso ndi pulogalamu pa BBC World Service. Iye ankatha kuika gulu losadziwika la achinyamata a ku Manchester, kenako rege ya ku Jamaica, kenako magitala a ku Harare. Iye ndi mnzake Andy Kershaw ndiwo anathandiza kuti Bhundu Boys a ku Zimbabwe atchuke ku Britain, mpaka gululo linayimba pa Wembley mu 1987 potsegulira Madonna, ndipo Peel ankakondanso kwambiri gulu la Four Brothers. Apa pali chinthu choyenera kuchiganizira mofatsa. Pamene wachinyamata wa ku Chitakale ankasaka London kuti amve zachilendo, wachinyamata wa ku London ankamva nyimbo za anansi athu n'kumaziona kuti ndizo zachilendo zamtengo wapatali.

Ndipo sitifunika kupita ku Harare kuti tione zimenezi. Alan Namoko, woyimba wosaona wa ku Thyolo amene anamwalira mu 1995, ankayimba ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band pogwiritsa ntchito banjo, gitala ndi ng'oma zosavuta kupanga, ndipo mawu ake anali ndi chisoni chimene munthu sangachiphunzire kusukulu. MBC inkamuika, anthu a m'midzi ankamukonda, koma achinyamata ambiri a kusekondale ankaona nyimbo za banjo ngati zachimidzi, zosayenera munthu wodziwa Chingerezi. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 nyimbo zake zinatuluka pa chimbale chimene chinafika kwa omvera a kunja, ndipo kumeneko zinalandiridwa ndi ulemu. Zofanana zinachitikira Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, amene katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, anayamba kugwira nawo ntchito mu 1967 ndipo anakayimba ku Ulaya. Ambiri a ife makutu amene anatsegulidwa ndi nyimbo zakutali ndi omwewo amene anadzatithandiza kumva kuti luso limene tinkalisaka kutsidya kwa nyanja linali kuyimba pa msika wa kwathu.

Tsopano tifike pa funso lovuta kwambiri, lakuti n'chifukwa chiyani nyimbo za msinkhu umenewo zimakhazikika chotere pamene zimene tinamva chaka chatha taziiwala kale. Akatswiri a za maganizo a anthu, mmodzi mwa iwo David Rubin wa ku America, anaonetsa m'zaka za m'ma 1980 kuti achikulire akafunsidwa kukumbukira za moyo wawo, zambiri zimene amatchula zimachokera pa zaka za pakati pa 10 ndi 30. Mu 1989 Morris Holbrook ndi Robert Schindler anapeza kuti anthu amakonda koposa nyimbo zimene zinatchuka iwo ali ndi zaka pafupifupi 24, ndipo kafukufuku wa mu 2020 wotsogozedwa ndi Kelly Jakubowski wa pa yunivesite ya Durham anaonetsa kuti nyimbo zodzutsa zikumbukiro zambiri ndi za pamene munthu anali ndi zaka pafupifupi 14. Manambalawa akusiyana, koma onse akuloza ku unyamata. Zifukwa zake n'zingapo zolukanalukana. Pa msinkhu umenewu zinthu zambiri zimachitika koyamba, monga chikondi, kuchoka pakhomo ndi kutaya bwenzi, ndipo zoyamba zimasungika bwino kuposa zobwereza. Ndi nthawi imenenso munthu amadzifunsa kuti ndi yani, ndipo nyimbo imene wadzisankhira imakhala mbali ya yankho. Komanso mbali za ubongo zokhudza chisangalalo zimakhwima msanga, pamene mbali ya kutsogolo, yoletsa ndi kuyeza zinthu, imapitiriza kukula mpaka zaka za m'ma 20, kotero kuti wachinyamata amamva zinthu ndi mphamvu imene wamkulu saifikanso kawirikawiri.

Mu 2011 Valorie Salimpoor ndi Robert Zatorre a pa yunivesite ya McGill ku Canada, pamodzi ndi anzawo, anaonetsa kuti munthu akamamva nyimbo imene imamutsitsimula thupi, ubongo umatulutsa dopamine, mankhwala a m'thupi okhudzana ndi chisangalalo, ndipo umatero osati pa chimake pa nyimboyo pokha komanso pa kamphindi koyembekezera chimakecho. Mu 2009 Petr Janata wa ku California anapeza kuti mbali ina ya ubongo, kuseri kwa chipumi, imagwira ntchito yolumikiza nyimbo yodziwika ndi zikumbukiro za moyo wa munthu, ndipo n'zodziwika kuti okalamba ena odwala matenda oiwala amatha kuyimba nyimbo za unyamata wawo ngakhale ataiwala zambiri. Robert Zajonc anali ataonetsa kale mu 1968 kuti chinthu chimene munthu wakumana nacho mobwerezabwereza amayamba kuchikonda kwambiri. Kafukufuku ameneyu sanachitikire pa omvera wailesi a ku Mulanje, ndipo chimene ndikunena tsopano ndi maganizo anga. Ndikuona kuti kamvedwe kathu kanasonkhanitsa zonsezi pamodzi. Tinkayembekezera sabata yathunthu kuti pulogalamu ibwere, osadziwa ngati mlengalenga ulola, ndipo nyimbo ikabwera tinkaimvera ndi mtima wonse podziwa kuti mwina sitidzaimvanso. Ikakodwa pa kaseti tinkaibwereza mpaka tepi kutafunika. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kumeneko ndiko kunazika nyimbozo mozama.

Zinthu zinasintha mofulumira. Referendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha mu Meyi 1994 zinatsegula khomo, MBC inayambitsa Radio 2 mu 1997, lamulo latsopano la zofalitsa mauthenga linabwera mu 1998, ndipo masiteshoni osakhala a boma monga Power 101, Capital FM ndi Radio Maria anayamba kumapeto kwa zaka zomwezo, Zodiak n'kudzatsatira mu 2005. Nyimbo zimene kale zikanangonong'onedwa zinayamba kumveka masana, ndipo mawu a Lucius Banda ndi a Evison Matafale, woyimba amene anamwalira mu Novembala 2001 ali m'manja mwa apolisi, analera m'badwo wina umene uli ndi kupukwa kwakekwake. Mafunde a FM, a pakati pa mamegahetsi 87.5 ndi 108, amamveka oyera koma sabwezedwa ndi mlengalenga. Amayenda molunjika, ndipo phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, limatha kuwatchinga. Mawu anayera, koma dziko limene wailesi inkatifikitsako linachepa, ndipo masiteshoni ambiri akunja anatseka makina awo a SW, monga mmene Deutsche Welle inatsekera a ku Kigali mu 2015.

Wachinyamata wa lero pa Limbuli amatenga kakhadi ka mufoni kupita nako kwa oika nyimbo n'kubwera ndi nyimbo mazanamazana, amalandira zina pa WhatsApp, ndipo akakhala ndi bandulo amalowa pa YouTube kapena pa Spotify, imene inafika ku Malawi mu 2021. Ndikuona kuti zimenezi n'zabwino, ndipo sindingafune kuti mwana wanga abwerere ku masiku oyanika mabatire. Woyimba wa kumudzi tsopano angathe kujambula nyimbo n'kuifikitsa kwa anthu popanda kupempha chilolezo kwa aliyense. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mmene makina a pa intaneti amasankhira nyimbo yotsatira. Iwo amayang'ana zimene munthu wamva kale ndi zimene anthu ofanana naye amakonda, n'kumupatsa zofanana nazo, chifukwa cholinga chawo n'chakuti asachoke. Muulutsi wa usiku uja ankachita zosiyana, pakuti ankakupatsa chimene sunapemphe, chimene mwina poyamba chinkakunyansa, ndipo popeza panalibe batani lodumphira, unkachimvera mpaka kumapeto.

Kupukwa zakale kuli ndi ubwino wake ndi ngozi yake. Mu 1688 Johannes Hofer, wophunzira za udokotala ku Basel, analemba za kupukwa kwawo ngati matenda enieni, koma akatswiri a masiku ano, monga Constantine Sedikides ndi Tim Wildschut a pa yunivesite ya Southampton, apeza kuti kukumbukira zakale mwachikondi kumachepetsa kusungulumwa ndipo kumathandiza munthu kuona kuti moyo wake ndi ulusi umodzi wosaduka. Ngozi yake ndi yakuti kukoma kwa nyimbo kungatiiwalitse chifukwa chimene tinkazisakira mumdima. Zaka zomwezo ndi zimene munthu ankabwezedwa pa msika kapena pa basi chifukwa chosowa khadi la chipani, ndipo anthu ankatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu. Kusowa kumene kunakometsa nyimbozo kunali chipatso cha mantha ndi umphawi, ndipo tingathe kuyamikira zimene tinaphunzira m'menemo popanda kulakalaka kuti zibwerere.

Pali ntchito imodzi imene kupukwaku kungatithandize kuigwira. Nyimbo zambiri za magulu a banjo a ku Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu zinajambulidwa pa matepi a maginito, amene amawonongeka ndi kutentha ndi chinyezi, ndipo makina owerengera matepi akuluakulu aja akusowa chaka ndi chaka. Zimene Hugh Tracey, katswiri wosonkhanitsa nyimbo za mu Africa, anajambula m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 zinapulumuka chifukwa zinasungidwa mwadongosolo ku International Library of African Music, imene tsopano ili pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa, pamodzi ndi maina a oyimba ndi malo amene anajambulidwira. Makaseti amene ali m'masutikesi a m'nyumba zathu alibe chitetezo chotero, ndipo ambiri salembedwa n'komwe kuti woyimba ndi yani. Mawailesi a m'madera, amene tsopano alipo m'maboma athu, angathe kupatula ola limodzi la usiku loika nyimbo zoterezi n'kupempha omvera kuti aimbe foni kutchula woyimba, mudzi wake ndi chaka chimene anaimva koyamba, chifukwa anthu amene angayankhe mafunso amenewa ambiri apitirira kale zaka 60.